Masitepe Khumi ndi Awiri a Loya Kawiri

Mng'ono wanga anali loya, ndipo anthu a mumsewu wathu ankamutchula kuti a Kawiri. Dzinali analipeza chifukwa cha kagwiridwe kake ka ntchito. Pepala lililonse limene munthu ankafuna kusaina, iye ankaliwerenga mokweza kawiri, koyamba monga linalembedwera, kachiwiri m'mawu oti ngakhale wogulitsa makala amve. Ukamuuza kuti wamva kale, ankangokweza chala n'kuyambiranso pamwamba. Anamwalira chaka chatha. Pamaliro ake panalankhula maloya atatu amene sanapondemo mu ofesi yake, ndipo onse anati anali munthu wodzichepetsa. Amatero anthu akafuna kunena kuti munthu wafa wopanda galimoto. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za masitepe, n'chifukwa chake ndikulemba ine.

Anayamba ntchito pakampani ina yaikulu ya maloya, kumene kwa zaka zisanu ndi zitatu iye ankalemba, ena n'kumasaina. Tsiku lina anatulukako ndi katoni ya mabuku, nati akukayima payekha. Ine nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wa kusekondale. Ndine amene ndinasiya maphunziro apamwamba panjira bambo athu atamwalira, kuti iye apitirize. Sindinamukumbutsepo zimenezo. Ndikungozitchula. Tsiku lotsegulira ofesi anathokoza mwini nyumba, anathokoza wopaka utoto, anathokoza telala wa shopu yapansi. Ine ndinali pakona, nditagwira makapu.

Ofesiyo inali chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya telala, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi malo owotcherera zitsulo. Munali tebulo, mipando itatu, wotchi yapakhoma, ndi kabati yachitsulo yobiriwira imene dilowa yake yapansi inkafuna kuyikankha ndi bondo kuti itseke. Kuti ufikeko unkadutsa m'shopu n'kukwera masitepe khumi ndi awiri amatabwa. Sitepe yachisanu inkalira ukayiponda. Mlembi wa mu ofesimo anali iye yemwe, mesenjala iye yemwe, wosesa iye yemwe. Akapita kukhoti ankakhoma chitseko n'kusiya uthenga kwa telala.

Miyezi itatu yoyamba sitepe yachisanu sinalirire munthu wina koma iye ndi ine. Ndinamuuza kuti alengezetse pawailesi.

"Achimwene, loya si sopo," anatero.

Chikwangwani chake chinali chaching'ono ngati chikuto cha kope, ndipo anachikhoma pamalo oti wochiwerenga ndi amene wafika kale. Amene anamupulumutsa ndi telala. Anali munthu wonenepa, wapakamwa posatseka, tepi ili pakhosi tsiku lonse. Akamayeza munthu chiuno ankayezanso mavuto ake.

"Mwaondatu, bambo. Thalauza ili ndinakusokerani chaka chatha, lero likufuna kubweza zala zitatu. Ndi matenda kapena achibale?"

"Achibale."

"Ndinadziwa. Matenda saondetsa chonchi. Kwerani pamwambapa, muli munthu. Muponde bwino, sitepe ina imachita miseche."

Umo ndi mmene anthu anayambira kukwera. Sanali anthu a milandu ikuluikulu. Anali ogulitsana zigawo zazing'ono za malo, amasiye, ochotsedwa ntchito popanda kalata, makamaka okalamba ofuna kulemba wilo, pepala lonena mmene katundu wawo adzagawidwire iwo akadzapita. Patapita zaka, mumsewu monse munali mawu amodzi: pepala la a Kawiri siligwa. Mawu amenewo anamugwirira ntchito kuposa wailesi iliyonse, ndipo ndikuvomera kuti pamenepo anandiposa nzeru.

Tsono wilo ili ndi lamulo lake. Imafuna mboni ziwiri, ndipo mbonizo ziyenera kukhala pamodzi m'chipindamo, zikuona mwini wake akusaina. Kumakampani akuluakulu zimenezi sizivuta, amangokodola alembi awiri. Loya wa yekha amadalira amene ali pafupi. Kawiri sankafuna kukhala mboni ya pepala lolemba yekha. Ankati zikadzavuta, iye akakhala mboni, adzayimire munthuyo ndani poti alibe mnzake mu ofesi? Choncho mboni yake yoyamba inali telala. Yachiwiri, nditapuma pantchito, kawirikawiri ndinali ine, chifukwa ndinkapitako masana kukawerenga nyuzipepala yake.

Zaka zoyambirira telala ankakwera. Ankaimitsa makina, kupukuta manja, kukwera akudandaula, n'kukaima pafupi ndi zenera ngati ali m'tchalitchi. Kenako bondo lake lamanja linayamba kutupa. Tsiku lina anaima pa sitepe yachisanu, thukuta lili kamukamu, osatha kukwera, osatha kutsika. Tinachita kumutsitsa awiri ndi wowotcherera zitsulo.

"Musadzavutikenso, atelala," anatero Kawiri. "Ndizikutsitsirani."

Sizikanatheka kutsitsa mwini wilo. Munthu sangagawe nyumba yake pamaso pa azimayi odikira madiresi. Ndiye zinayamba kuyenda chonchi: mwini wake asaine pamwamba, ine ndisaine, Kawiri atenge pepala atsike nalo, telala asaine pathabwa la makina ake osafunsa n'komwe, Kawiri akwere. Ine ndinafunsa kamodzi.

"Kodi zimenezi n'zololedwa?"

"Ndi masitepe khumi ndi awiri okha, achimwene. Inki imafika isanaume."

Ndinabwerera ku nyuzipepala. Zinayenda choncho zaka zisanu ndi chimodzi. Munthu wowerenga pepala kawiri, wosalola dontho la inki kukhala pamalo olakwika, anamanga nyumba za anthu pabondo la telala chifukwa cha chifundo.

Mmodzi mwa anthuwo anali mkulu wina wokonza mawotchi, amene kale ankakhala ndi katebulo pakhonde la sitolo ya mankhwala. Anali ndi kanyumba ka zipinda zitatu ndi mtengo wa magwafa pakhomo. Ana ake aamuna awiri ankakhala kutali ndipo ankamukumbukira pafoni. Atafa ziwalo mbali imodzi, amene anamusambitsa ndi kumudyetsa zaka zonse anali mwana wa mchemwali wake, mayi wosiyidwa ndi mwamuna, amene tonse tinkamutchula kuti amake mapasa. Tsiku lolemba wilo mkuluyo anakwera masitepe onse, dzanja limodzi pakhoma, lina paphewa la mayiyo. Wakufa ziwalo anakwera. Zimenezi musaziiwale.

Atakhala pansi anayang'ana pakhoma.

"Aloya, wotchi yanu ikutsalira ndi mphindi zinayi."

"Imadikira makasitomala, madala."

"Iziwadikira. Lembani. Nyumba ndi ya mwana uyu. Ana anga ali ndi nyumba zawo ndi mafoni awo."

Kawiri anapempha amake mapasa kuti atuluke, poti wolandira sayenera kukhalapo. Anakakhala pamasitepe. Wilo inawerengedwa kawiri. Mkulu uja anasaina ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani. Nthawi yonseyo makina a telala ankamveka pansi, akusoka. Ndinasaina. Kawiri anatuluka ndi pepala, ndipo chitseko chili chotsegula ndinaona amake mapasa akupinda miyendo kuti pepalalo lidutse.

"Zatheka, mayi," anawauza pokwera. "Mukagone tulo. Siligwa limeneli."

Wokonza mawotchi anamwalira patatha zaka zitatu. Ana ake anafika ndi loya wawo, wa kukampani yaikulu, wansapato zosongoka. Poyamba anati bambo awo sankaganiza bwino, koma adokotala anakana. Anati siginecha si ya bambo awo, koma inali yawodi. Kenako loya uja anabwera kwa telala ndi thalauza lopanda vuto lililonse, nati alipinde m'munsi. Anakhala pabenchi maola awiri. Anaona telala akudzuka ndi ndodo kukatenga ulusi. Anaona Kawiri akutsika ndi pepala la munthu wina, telala n'kusaina pathabwa. Analipira, anathokoza, n'kumapita. Thalauzalo analiiwala.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tikaonekere kukhoti, tinakhala atatu m'shopu masana, chitseko titatseka.

"Ine ndikanena kuti ndinakwera," anatero telala. "Akafunse bondo langa ngati limayankhula. Ndinakwera, ndinaima pazenera, ndinaona madala akusaina. Aphunzitsi, inunso munandiona. Si choncho?"

Telala anapitiriza:

"Aphunzitsi, mayi uja ali ndi ana awiri. Nyumba anamupatsa eni ake ali maso. Ife tikungothandiza chilungamo kukwera masitepe."

Kawiri anali atakhala pampando wa makasitomala, akupinda ndi kutambasula kansalu kotsala. Anati, osandiyang'ana:

"Achimwene, mukanene zimene munaona."

Mawu amenewa ndawatembenuza mbali zonse kwa zaka khumi. Munthu amene chilichonse chofunika ankachinena kawiri, awa ananena kamodzi.

Mlanduwo Kawiri sakanauyimira, poti chokanganirana chinali kasainitsidwe kake ka pepalalo, choncho anakhala kumbuyo ngati munthu wamba. Telala ananama bwino kwambiri, mpaka anafotokoza mtundu wa malaya amene malemu anavala. Kenako anaitana ine. Ndinalumbira. Wansapato zosongoka uja anandiyandikira mwaulemu.

"Aphunzitsi, inu ndinu munthu wophunzira, mwaphunzitsa ana a anthu kunena zoona zaka makumi atatu. Pamene malemu ankasaina, telala anali kuti?"

Ndinaona amake mapasa pabenchi yachiwiri, atavala diresi limene anavala pamaliro a malemu. Ndinaona mng'ono wanga akuyang'ana zikhatho zake.

"Anali pansi."

"Pansi pati?"

"Pamakina ake. Ankamveka akusoka."

Anthu akandifunsa ndimati ndinali nditalumbira, ndipo ndi zoona. Amene amandinena kuti ndinagulitsa m'bale wanga ndi omwewo amene amadandaula kuti m'makhoti mwadzaza mabodza. Asankhe chimodzi. Koma pali china chimene sindinauzepo munthu. Pamene ndinkati "anali pansi," kwa kanthawi kopuma kamodzi ndinamva kukoma. Loya wa m'banja mwathu walakwitsa, ndipo wakonza ndi mphunzitsi. Kunali kukoma kwa kanthawi kochepa kwambiri, koma mpaka lero kukadali m'kamwa.

Woweruza anati wiloyo ndi yopanda mphamvu. Nyumba inapita kwa ana aamuna aja, ndipo pasanathe miyezi iwiri anayigulitsa kwa munthu amene anayamba ndi kudula mtengo wa magwafa. Telala anadzudzulidwa pamaso pa anthu. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundiyankhula. Ndikalowa m'shopu ankauza aliyense amene ali pafupi kuti, "Tawauzani aphunzitsiwo asunthe, akutchinga kuwala."

Titachoka kukhoti, Kawiri anakwera mu ofesi, anatsegula kabati, n'kutulutsa wilo zonse zimene telala anasaina chitupireni bondo. Anaziyala pansi, chifukwa patebulo sizinakwane. Zinalipo makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Ndinaima pakhomo, poponda palibe.

"Uzitani?"

"Ndikawauze eni ake. Asainenso."

"Wapenga? Akudziwa ndani? Ukawauza, mawa mumsewu monse mudzaza. Ingokhala chete."

Ananditembenukira, anamwetulira pang'ono. Bola akanandimenya ndi mpando.

Anachitadi. Anayenda khomo ndi khomo, chikwama kukhwapa, kuuza anthu kuti pepala limene anawalembera lili ndi chilema ndipo wolakwa ndi iye. Ena anamutukwana. Ena anatenga mapepala awo kupita nawo kwa maloya ena. Bungwe la maloya linamuitana n'kumuchenjeza. Mawu aja anatembenuka: pepala la a Kawiri lagwa. Telala anapitiriza kuuza anthu kuti akwere pamwamba, koma tsopano anthuwo ankangoseka n'kutenga zovala zawo.

M'mawa wina amake mapasa anafika ndi matiresi opindidwa, mapoto m'thumba, mapasa ali pambuyo atanyamula zikwama za kusukulu. Anaima pansi pa masitepe. Sanakuwe. Kawiri atatsika, anamupatsa envulopu.

"Bambo, ndabweretsa pepala lanu. Munati siligwa. Ndalisunga bwino, silinanyowepo. Tsono ife tigone pati?"

Telala anaimitsa makina. Kawiri anayang'ana envulopu, anayang'ana ana aja, n'kupisa m'thumba. Anatulutsa makiyi a ofesi.

"Sitepe yachisanu imalira, mayi. Musaope, siithyoka."

Kunyumba kwake sakanawatengera, chifukwa mlamu wanga anali atayamba kale kudwala ndipo ankafuna bata. Tsiku lomwelo iye ndi wowotcherera zitsulo anatsitsa tebulo n'kuliika kuseri kwa masitepe, pamene telala ankaunjika zigamba. Kabati inakana kutsika, inatsala pamwamba, mapasa n'kumaikapo mabuku awo. Telala anasoka katani yabuluu. Imeneyo ndiyo inali ofesi ya mng'ono wanga zaka zisanu ndi zinayi zotsatira. Loya wa mapepala ake onse a sukulu, mutu ukugunda kunsi kwa masitepe, ana akuthamanga pamwamba pake, fumbi likugwera m'kapu ya tiyi. Maloya atatu a pamaliro aja ankadutsa pamsewu umenewo pagalimoto.

Anthu anabwereranso, koma ochepa, ndiponso osauka kuposa akale. Ikafika nthawi yosaina, makasitomala a telala ankatulutsidwa panja, makina ankaima, telala ankatembenuza mpando wake, ndipo Kawiri ankafunsa mwini wilo kuti, "Mukuwaona awa? Nanga awa? Nawonso akukuonani?" Anthu ankaseka. Iye sankaseka.

Mwa eni wilo aja anapeza onse kupatula khumi ndi mmodzi. Ena anali atamwalira, ena anasamuka osasiya mbiri. Mapepala awo anawaika mu dilowa yapansi ija. Masana kukakhala zii, ankakwera, kugogoda pachitseko chimene kale chinali chake, kupempha kuti atengeko limodzi, n'kutsika nalo. Ankakhala kuseri kwa katani n'kumaliwerenga mokweza, kawiri, kwa munthu amene kulibe. Nyumba yanga ndikusiyira mwana wanga wamkazi. Njinga ndi zida zanga ndikusiyira mdzukulu wanga. Telala ankaimitsa makina mpaka amalize. Ndinazimvapo kangapo ndili pabenchi, dzuwa likuswa mtengo. Sindikhulupirira za mizukwa. Koma m'shopu muja munkamveka ngati mwadzaza anthu.

Sanandinenepo. Zaka zonsezo ankandisungira nyuzipepala, ankandifunsa za msana wanga. Pa zonse zimene ndili nazo kukhosi ndi iye, chachikulu ndi chimenechi.

Mlamu wanga anamwalira. Ana analibe. Patapita zaka ziwiri Kawiri anayamba kuonda, ndipo telala anamubwezera thalauza kawiri osafunsa funso lake lija. Lachinayi lina masana anandiitanitsa. Ndinapeza shopu yotseka, makina ataima, mpando wa telala utatembenuzidwa, ndi mpando wina pambali pake.

"Khalani apo, achimwene. Ndikufuna mboni."

Inali wilo yake. Anali ndi kanyumba kamene anamanga pang'onopang'ono masiku abwino aja, ka zipinda zitatu. Popanda wilo kakanabwera kwa ine, poti m'bale wotsala ndinali ine ndekha, ndipo iye ankadziwa kuti denga langa limadontha. Anawerenga mokweza. Nyumba ankasiyira amake mapasa. Anakweza chala n'kuyambiranso pamwamba, mawu akutha, akupumira panjira. Pamwamba pathu mayiyo ankasesa, osadziwa kanthu.

Anasaina. Anapereka cholembera kwa telala, telala anasaina. Kenako telala anandipatsa ine, m'manja, koyamba m'zaka zonsezo. Ndinayang'ana mzere wanga. Ndikanatha kudzuka. Kawiri akanapeza mboni ina pasanathe mphindi zisanu, wowotcherera zitsulo anali panja pomwepo. Ankafuna ine. Ndinasaina.

"Achimwene," anatero akupukutira inki, "akadzakufunsani, telala anali kuti?"

"Ali pano."

"Nenaninso."

"Ali pano. Wakhala pambali panga. Ndikumuona."

Anagwedeza mutu n'kuika pepala mu envulopu. Anamwalira patatha milungu isanu ndi umodzi.

Achibale a mlamu wanga anayesa kugwedeza wiloyo. Loya wawo anandiyimbira foni, anafunsa funso limodzi, ndinamuyankha kawiri, ndipo nkhani inathera pomwepo. Amake mapasa anasamukira m'nyumbamo mvula isanayambe. Anadzala mtengo wa magwafa pakhomo. Akandiona pamsewu amandipatsa moni wa ulemu wonse, amandifunsa za msana. Nayenso sananenepo kanthu za tsiku lija.

Chipinda chapamwamba chilibe munthu tsopano. Mwini nyumba akuti aliyense akabwera kudzachiona amadandaula za masitepe. Kabati ikadali momwemo, ndipo kiyi wake Kawiri anasiyira ine, pamodzi ndi mayina anayi mwa khumi ndi mmodzi aja, amene ankaganiza kuti mwina akadali moyo. Mmodzi ndinamupeza mwezi watha, mayi wokalamba wogulitsa singano ndi mabatani kuseri kwa depoti ya basi. Akufunika kusainanso. Kuti zitheke ndiyenera kukatenga pepala lake mu dilowa yapansi.

Ndapitako Lachinayi katatu. Ndimakwera bwinobwino mpaka sitepe yachisanu. Ikalira ndimaima, chifukwa pansi makina amakhala akusoka monga tsiku lija, ndipo ndimamva ngati wina akutsika ndi pepala, akufuna ndimupatse njira. Ndimadzipanikiza kukhoma. Dzulo ndili chiimire pamenepo makina anaima, ndipo telala anayankhula, osati kwa makasitomala, koma kwa ine.

"Aphunzitsi, atsala asanu ndi awiri okha. Kwerani. Mayi wa mabataniyo sakhala mpaka kale."